Mafunso ndi mayankho okhudza nyumba yathu ya mapemphero ya CCAP

Ndakhala mlembi wa nyumba yathu ya mapemphero kuno ku Dowa kwa zaka zingapo, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndawamva kambirimbiri. Ena amandifunsa pamaliro tikakhala pansi pa mtengo kudikira adzukulu, ena kuchigayo, ena ndi ana athu omwe amene anapita kutauni nakumana ndi mipingo ina, akabwera pa tchuthi amatipanikiza nawo. Ndawaika pamodzi kuti mlendo asamaope kulowa pakhomo pathu, komanso kuti ife eni ake tizidziwa chifukwa chimene timachitira zimene timachitazi. Pamene ndikukamba chizolowezi cha pathu pokha ndanena choncho, poti nthambi iliyonse ili ndi kayendedwe kake.

Kodi ndinu a mpingo wanji?

Ndife a CCAP, pansi pa Sinodi ya Nkhoma. Zilembo zinayizi zikuimira Church of Central Africa Presbyterian. Agogo ena mpaka lero amangoti "mpingo wa Dachi", ndipo ali ndi chifukwa: amishoni amene anayamba ntchitoyi m'chigawo chapakati anali a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikika pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, mu 1889. Kongwe inatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896 kwa Mfumu Mazengera.

CCAP yeniyeniyo inabadwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre, mamishoni a ku Scotland, anagwirizana kukhala mpingo umodzi. Nkhoma inalowa mu 1926. Lero masinodi alipo asanu: Livingstonia, Blantyre, Nkhoma, Harare ndi Zambia.

Bwanji mumati "nyumba ya mapemphero", simuli mpingo?

Mu CCAP mpingo woima pawokha ndi umene uli ndi mbusa wake ndi bwalo lake la akulu a mpingo. Dera la mpingo wotero limakhala lalikulu, midzi yambirimbiri, ndipo si onse angayende mpaka kusiteshoni, ndiko kutchalitchi chachikulu kumene amakhala abusa, Lamulungu lililonse. N'chifukwa chake pamakhala nthambi ngati yathuyi. Kuchoka pano kukafika kusiteshoni ndi maola awiri wapansi, ndipo dzinja mtsinje ukadzaza ngakhale wa kabaza amakana.

Mayina athu ali m'kaundula wa kusiteshoni, abusa athu ndi omwewo, malamulo ndi amodzi. Koma sindivomereza munthu akamati, "ife ndife kanthambi chabe, mpingo weniweni uli uko." Mawu amene amawerengedwa pa guwa la simenti kusiteshoni ndi omwewo amawerengedwa pa tebulo lathu la matabwa. Pa Mateyu 18:20 Ambuye anatchula awiri kapena atatu osonkhana m'dzina lawo, za kukula kwa denga sananenepo. Nthambi ikakula, anthu akachuluka, ikaona kuti ikhoza kumanga nyumba ya abusa ndi kuwasamala, nkhani imapita ku presbytery, ndilo bwalo la mipingo yoyandikana, kuti iime payokha. Mipingo yambiri yaikulu imene mukuiona lero inayamba chonchi, ina pansi pa mkuyu.

Mumakhulupirira chiyani?

Timakhulupirira Mulungu mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Timakhulupirira kuti Yesu Khristu ndi Mulungu ndithu komanso munthu ndithu, kuti anafera machimo athu, anauka tsiku lachitatu, ndipo adzabweranso. Munthu sapulumuka chifukwa cha ntchito zake, chakhumi chake kapena yunifolomu yake, koma mwa chisomo, kudzera m'chikhulupiriro, monga akunenera Aefeso 2:8-9. Ntchito zabwino zimabwera pambuyo, ngati zipatso pa mtengo umene wagwira kale.

Baibulo ndiye muyeso wa zonse. Pansi pake tili ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, chimene timanena pamodzi tili chiimire, ndi zivomerezo zitatu zimene tinalandira kwa makolo athu a mpingo wa Reformed: Chivomerezo cha Belgic cha 1561, Katekisma wa Heidelberg wa 1563 ndi Ziphunzitso za ku Dort za 1618 mpaka 1619. Mwa zitatuzi, chimene chinalowa m'magazi a anthu wamba ndi Katekisma. Wa Heidelberg ali ndi mafunso 129, ogawidwa m'masabata 52 a chaka, ndipo amayenda m'magawo atatu: kukula kwa tchimo langa, momwe ndinaomboledwera, ndi momwe ndingathokozere Mulungu. Katekisma wa Chichewa amene timaphunzira m'kalasi mizu yake ili m'menemo.

Funso loyamba la ku Heidelberg limafunsa za chitonthozo cha munthu m'moyo ndi mu imfa, ndipo yankho lake ndi lakuti sindili wa ine ndekha, ndili wa Mpulumutsi wanga Yesu Khristu, thupi ndi mzimu womwe. Mukafuna kudziwa chikhulupiriro chathu m'mawu ochepa, ndi chimenecho. Ndinamvapo gogo wina wosadziwa kuwerenga akunena zimenezi ali gone pamphasa, mawu akutuluka movutikira, ife amene tinapita kukamulimbikitsa n'kubwerako titalimbikitsidwa ndife.

Mumawerenga Baibulo liti?

Pa tebulo pathu pamakhala Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa koyamba lathunthu mu 1922. Ntchito yomasulira inatsogoleredwa ndi W.H. Murray wa mishoni yathu yomweyi, mothandizana ndi amishoni ena ndi aphunzitsi achikuda. Chinyanja chake n'chakale, mawu ena achinyamata amapunthwa nawo, koma akuluakulu mavesi anawaloweza m'menemo. Amene ali ndi Buku Loyera la 1998 kapena Baibulo la pafoni abwere nalo, palibe amamuletsa. Timangopempha kuti foniyo ikhale yosalira.

Mapemphero a Lamulungu amayenda bwanji?

Belu lathu ndi limu yakale ya lole yopachikidwa pa mtengo wa mango. Likalira koyamba, cha m'ma 8 koloko, ndi la ana a Sande sukulu. Lachiwiri ndi la onse, ndipo timayamba cha m'ma 9 koloko ndi theka.

Akulu a mpingo ndi atumiki amayamba akumana m'kachipinda ka kuseri, kugawana ntchito ndi kupempherera wolalikira. Akamalowa, tonse timaimirira. Wotsogolera amatsegula ndi mawu a pa Salmo 124:8, akuti thandizo lathu lili m'dzina la Yehova, Wolenga kumwamba ndi dziko lapansi. Timaimba nyimbo ya m'buku. Mabuku a nyimbo ndi ochepa, ena zikuto zinathothoka kale, koma zilibe kanthu, poti amayi a kutsogolo nyimbo zambiri amazidziwa pamtima, ndipo mmodzi akangoyambitsa, mabesi a abambo amalowa okha. Kenako timamva Malamulo Khumi a pa Eksodo 20, timavomereza machimo athu m'pemphero, ndi kunena Chikhulupiriro cha Atumwi.

Zikatero ndi nthawi ya makwaya: ya ana, ya achinyamata, ya amayi. Pamenepa pamakhala kuwomba m'manja, visekese, ndi kuvina kwaulemu, fumbi n'kukwera ndithu poti pansi sitinatsirize kuika simenti. Zolengeza zimatsatira, pamodzi ndi kulandira alendo. Ndikuvomera kuti zolengeza nthawi zina zimatalika mopitirira muyeso, ana n'kuyamba kulira ulaliki usanayambe, ndipo nkhaniyi takhala tikuikambirana pakati pathu. Pakati pa zonse pali kuwerenga Mawu ndi ulaliki. China chilichonse chikhoza kufupikitsidwa, koma ichi ayi. Timatsiriza ndi chopereka, nyimbo, ndi mawu a chisomo a kumapeto kwa 2 Akorinto. Nthawi zambiri 12 koloko imatipeza tili panja tikupatsana moni.

Ngati abusa sabwera sabata iliyonse, amalalikira ndani?

Akulu a mpingo, mosinthana, motsata ndandanda imene imakonzedwa kusiteshoni. Nthawi zina amabwera mkulu wa nthambi ina, wathu n'kupita kwawoko. Dzina lakuti Presbyterian limachokera ku liwu la Chigriki lotanthauza "mkulu", ndipo tanthauzo lake mumaliona ndi maso pa nthambi ngati yathu. Mpingo sulamulidwa ndi munthu mmodzi. Mbusa ndi akulu a mpingo amakhala pa bwalo limodzi, ena amati seshoni, ndipo mfundo imamangidwa pamenepo. Mutu umodzi susenza denga.

Akulu athuwa ndi alimi ngati ife tomwe. Loweruka madzulo munthu wachokera kudimba, manja ali ndi matuza, amakhala pa khonde ndi tochi kukonza ulaliki. Si onse ali ndi lilime lofanana, ndipo masabata ena timatuluka titadya pang'ono. Komatu munthu amene akukulalikira za kukhululuka ndi yemweyo munakangana naye za malire a munda, ndipo mukudziwa ngati anakhululukadi. Ulaliki wotero uli ndi kulemera kwake. Mkulu aliyense ali ndi dera lake la midzi loti aziyendera, ndipo atumiki amayang'anira zopereka ndi osowa. Ubatizo, Mgonero ndi kumanga ukwati ndi ntchito za abusa okha.

Ndivale chiyani, ndipo ndikakhale pati?

Valani chaulemu chimene muli nacho. Amayi ambiri amavala chitenje ndi duku, abambo ena jekete, ena malaya okha. Pathu pano abambo amakhala mbali imodzi, amayi mbali ina, ana pamphasa kutsogolo. Ndi chizolowezi, si lamulo la m'Baibulo, ndipo m'matchalitchi ambiri a m'tauni mabanja amakhala pamodzi. Pa nthawi ya alendo mudzapemphedwa kuimirira ndi kunena kumene mwachokera. Musachite manyazi, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Bwanji mumapemphera Lamulungu pamene Sabata la m'Baibulo ndi Loweruka?

Chifukwa Ambuye anauka kwa akufa tsiku loyamba la sabata, ndipo Akhristu oyamba ankasonkhana tsiku limenelo. Onani Machitidwe 20:7 ndi 1 Akorinto 16:2, komanso Chivumbulutso 1:10 pamene Yohane akutchula tsiku la Ambuye. Lamulo lachinayi timalilemekeza: tsikuli sitilima, sitipita kuchigayo, ndipo timalipatula kuti likhale la kupembedza, kupuma ndi kuzonda odwala. Anansi athu a Seventh Day Adventist amaona mosiyana. Timakambirana nawo, koma pamaliro ndi pa chitukuko cha m'mudzi timagwira ntchito limodzi.

N'chifukwa chiyani mumabatiza makanda amene sadziwa kanthu?

Funso limeneli ndi limene ana athu a m'tauni amabwera nalo kawirikawiri. Yankho lagona pa pangano. Pa Genesis 17 Mulungu anapangana ndi Abrahamu kuti adzakhala Mulungu wake ndi wa mbewu yake, ndipo chizindikiro cha panganolo, ndicho mdulidwe, chinkaikidwa pa mwana wa masiku asanu ndi atatu, amene sankadziwa kanthu. Pa tsiku la Pentekoste Petro anati lonjezo lili kwa inu ndi kwa ana anu, pa Machitidwe 2:39. Lidiya anabatizidwa ndi a pabanja pake, chimodzimodzinso mdindo wa ndende wa ku Filipi, nkhani zonse ziwiri zili pa Machitidwe 16. Ndipo Akolose 2:11-12 amaika mdulidwe ndi ubatizo pafupi.

Ubatizo kwa ife sunena zimene munthu wachitira Mulungu, umanena zimene Mulungu walonjeza kwa munthu. Madziwo sapulumutsa mwana. Makolo amaimirira pamaso pa mpingo kulonjeza kuti adzamulera m'chikhristu, ndipo mwanayo akakula ayenera kulowa kalasi ndi kuvomereza ndi pakamwa pake. N'chifukwa chake timabatiza ana a makolo amene ali mamembala. Amene sanabatizidwe ali mwana amabatizidwa atakula, akatsiriza kalasi.

Nanga bwanji simumiza mumtsinje? Ndipo wochokera mpingo wina abatizidwenso?

Abusa amaika madzi pamutu m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Sitinyoza omiza, koma sitikhulupirira kuti mphamvu ili m'kuchuluka kwa madzi. Amene anabatizidwa kale m'dzina la Utatu Woyera sitimubatizanso, pakuti Aefeso 4:5 akuti ubatizo ndi umodzi. Bwalo limangoona maphunziro amene akusowa asanalandiridwe.

Ndingalowe bwanji mpingo wanu?

Uzani mkulu wa mpingo wa dera lanu, adzalembetsa dzina lanu m'kalasi. Kalasi imakumana sabata ndi sabata, ndipo mumaphunzira Katekisma, nkhani za m'Baibulo, Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye ndi tanthauzo la masakramenti. Pathu pano zimatenga chaka kapena kupitirira, malinga ndi kabweredwe kanu. Pamapeto abusa ndi akulu amakufunsani mafunso, komanso amamva umboni wa makhalidwe anu kumudzi. Mukatero mumalumbira pamaso pa mpingo ndi kuyamba kudya Mgonero.

Kusadziwa kuwerenga si chopinga. Tili ndi anthu amene anaphunzira zonse ndi khutu, ndipo poyankha amaposa a sekondale.

Mgonero mumadya liti, ndipo amaloledwa ndani?

Kangapo pa chaka, kawirikawiri pakatha miyezi itatu, pamene abusa afika kuno kapena ife tapita kusiteshoni. Loweruka lake pamakhala mapemphero a chikonzekero, ndipo sabata yonseyo akulu amakhala akuyenda m'midzi. Ngati pali awiri osayankhulana, imeneyi ndiyo nthawi yowakhazika pansi. Ndaonapo apongozi ndi mkamwini amene anatha miyezi osapatsana moni akugwirana chanza kuseri kwa tchalitchi Loweruka lotero, chifukwa aliyense sanafune kutambasula dzanja ku mkate ali ndi mangawa.

Lamulungu lake tebulo limayalidwa nsalu yoyera imene amayi amasunga m'sutikesi chaka chonse. Abusa amawerenga 1 Akorinto 11, amanyema mkate, akulu n'kumagawa mzere ndi mzere, m'nyumba muli zii, kenako nyimbo yapansipansi. Sitiphunzitsa kuti mkate umasanduka thupi lenileni, komanso sititi ndi chikumbutso chopanda kanthu. Wodya ndi chikhulupiriro amadyetsedwa ndi Khristu mwauzimu. Amadya ndi mamembala olumbira amene sali pa mwambo, ndiko kuti amene bwalo silinawaimitse chifukwa cha tchimo. Mlendo wochokera ku mpingo wina aonane ndi akulu mapemphero asanayambe. Okalamba ndi odwala amene sangathe kufika, abusa amawapititsira kunyumba nthawi ikalola.

Ena amati kanayi pa chaka n'kochepa, ndipo ine ndimawamvetsa. John Calvin mwini wake, mmodzi wa atsogoleri oyambirira a mpingo wa Reformed, ankafuna Mgonero uzidyedwa pafupipafupi. Koma mbusa mmodzi wa nthambi zambiri sangakhale ponseponse.

Kodi "kudulidwa" n'kutani? Munthu amathamangitsidwa?

Ayi, ndipo liwu lakuti kudulidwa limaopsa kuposa chimene chimachitika. Mkhristu akagwa m'tchimo loonekera, monga chigololo, kuba, kuledzera, kupita kwa sing'anga kukaombeza kapena kumenya mkazi, mkulu wa dera lake amayamba wacheza naye. Nkhani ikafika ku bwalo, mwini wake amaitanidwa kuti adzayankhule. Akapezeka wolakwa amaimitsidwa kudya Mgonero ndi kugwira udindo kwa nthawi. Kutchalitchi azibwerabe, ndipo timafunitsitsa kuti azibwera. Amalandira uphungu, ndipo nthawi ikakwana, kulapa kukaoneka, amabwezedwa pamaso pa mpingo. Njira yake tinaitenga pa Mateyu 18:15-17 ndi Agalatiya 6:1, pamene akuti wogwayo abwezedwe ndi mzimu wofatsa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa, ndipo ndichinena. Mtsikana akatenga pathupi, tchimo lake limaoneka lokha, pamene mwamuna amene anamupatsa akhoza kukhala pa benchi yakutsogolo osadziwika, kapenanso kudziwika anthu n'kumaopa kumutchula. Mwambo umene umagwira ofooka okha n'kumalambalala olemera kapena achibale a akulu si mwambo wa Khristu. Tikamauchita tiziuchita ndi misozi, ndipo muyeso ukhale umodzi kwa onse.

Ndalama za chopereka zimapita kuti?

Pali chopereka cha m'mbale cha Lamulungu lililonse, pali chakhumi ndi malonjezo a pamwezi, ndipo pali masika. Pa masika anthu amabwera ndi zokolola: matumba a chimanga pa ngolo, mtedza, soya, maungu, nkhuku yomangidwa miyendo ndi luzi, zonse n'kuunjikidwa kutsogolo. Kuno ndalama imaoneka fodya akagulitsidwa, kotero miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mbale imapepuka, ndipo palibe amene amadabwa nazo.

Atumiki amawerenga ndalama anthu awiri kapena atatu ali pomwepo, n'kulemba m'buku, ndipo sabata yotsatira timalengeza. Gawo lina limapita kusiteshoni kukasamala abusa ndi kukwaniritsa zimene mpingo umapereka ku presbytery ndi ku Sinodi, lina limatsala pa ntchito za pano ndi kuthandiza amasiye ndi odwala. Tikafuna malata kapena simenti timachita Pepa Sande. Membala aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti aone buku. Sitigulitsa madalitso, ndipo palibe pemphero limene lili ndi mtengo.

Amayi ali ndi malo otani?

Mukachotsa amayi, nthambi ino itsekedwa mwezi usanathe. Ndiwo ambiri pa mabenchi, ndiwo amaphunzitsa ana, amazonda odwala, amachezera pamaliro. Bungwe lawo mu Sinodi ya Nkhoma ndi Chigwirizano, limene ku Blantyre amati Mvano, ku Livingstonia Umanyano. Mudzawadziwa ndi bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Amakumana mkati mwa sabata, amalalikirana okha, ndipo ena mwa maulaliki amphamvu amene ndinamvapo ndinawamva kwa iwo pa siwa, usiku.

Pa ubusa masinodi amasiyana. Blantyre ndi Livingstonia ali ndi abusa aakazi, pamene Nkhoma yakhala ikudzoza amuna. Nkhani imeneyi imamangidwa ku Sinodi, si pa nthambi, ndipo pakati pathu maganizo alipo osiyanasiyana.

Mumapempherera odwala? Nanga malilime, maulosi ndi madzi odalitsa?

Odwala timawapempherera kwambiri, m'tchalitchi ndi m'makomo, monga akulamulira Yakobo 5:14. Timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Timakhulupiriranso kuti amachiritsa kudzera mwa dokotala, ndipo n'chifukwa chake mishoni yathu inamanga chipatala cha Nkhoma, chimene chinayamba mu 1915 ndipo chimadziwika ndi chithandizo cha maso. Aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP chifukwa wakupemphererani, musamumvere. Tinaikapo m'manda munthu wachinyamata chifukwa cha uphungu wotero, ndipo sindifuna kudzaonanso zimenezo.

M'mapemphero athu a Lamulungu sitiyankhula malilime, ndipo timatsata 1 Akorinto 14:40, kuti zonse zichitike moyenera ndi molongosoka. Tilibe udindo wa mneneri, sitigulitsa mafuta, madzi kapena zomata pagalimoto. Mzimu Woyera timamukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ntchito yake timaiyembekezera makamaka m'Mawu olalikidwa ndi m'moyo wosinthika. Achinyamata athu ena amapita ku mafelosipu ndi ku mapemphero a usiku wonse. Langizo langa kwa iwo ndi lakuti chilichonse chimene amva akachiyese ndi Baibulo, monga ankachitira a ku Bereya.

Mumati chiyani za Gule Wamkulu ndi chinamwali?

Tili pakati pa Achewa, ndipo ifenso ndife Achewa. Ambiri a ife tili ndi amalume kapena achimwene kudambwe. Tikudziwa kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu. Komabe chiphunzitso cha mpingo wathu chakhala chimodzi kuyambira kale: Mkhristu salowa Nyau, chifukwa pa nkhani ya mizimu ya akufa ndi ya amene amatiimira pamaso pa Mulungu, njira ziwirizi zimasiyana, ndipo 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati ndi mmodzi. Amene anali kudambwe akafuna kulowa mpingo timamulandira ndi manja awiri, ndipo alipo akulu a mpingo amene anachokera kumeneko.

Kukana kulowa sikutipatsa chilolezo chonyoza. Sititukwana, sitiulula za eni ake pofuna kuwachititsa manyazi, ndipo pakagwa maliro m'banja losakanikirana timakhala pansi ndi amfumu ndi eni mbumba kuti tigwirizane mwambo umene uchitike.

M'malo mwa chinamwali cha kumudzi tili ndi Chilangizo. Alangizi osankhidwa ndi mpingo amalangiza atsikana akatha msinkhu, anyamata pawokha, amene akulowa m'banja, ndi mayi wa pathupi poyamba. Mwambo wa ulemu, ukhondo ndi kasungidwe ka banja umaphunzitsidwa momwemo, koma poyezedwa ndi Mawu a Mulungu.

Munthu akanenedwa kuti ndi mfiti, mpingo umatani?

Umamuteteza. Sitikana kuti mphamvu za mdima zilipo, koma Khristu anazigonjetsa, ndipo Mkhristu sayenda ndi zithumwa kapena kuitana wochotsa ufiti m'mudzi. Amene amanenedwa kawirikawiri ndi agogo osauka, amasiye, anthu opanda owayankhulira. Kuloza munthu chala kuti ndi mfiti n'kuphwanya lamulo lachisanu ndi chinayi, komanso ndi mlandu pa lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti. Zikavuta timadziwitsa amfumu ndi apolisi, ndipo gogoyo amagona kwa mkulu wa mpingo mpaka mitima itazizira.

Ukwati wa mumpingo umayenda bwanji? Nanga a mitala?

Timayamba ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, poti ukwati wopanda ankhoswe mpingo suulandira. Akagwirizana amakalembetsa kusiteshoni, ukwati umalengezedwa masabata atatu kuti wodziwa choletsa anene, awiriwo amapita ku Chilangizo, kenako abusa amamanga. Onse awiri akhale okwanitsa zaka 18, monga likunenera lamulo la dziko chisinthireni Malamulo Aakulu mu 2017. Amene analowana kale mwa chikhalidwe akhoza kudzadalitsa ukwati wawo. Chonde musachedwe chifukwa chosowa ndalama za holo ndi keke. Abusa, ankhoswe ndi mboni n'zokwanira, ndipo tadalitsapo maukwati pa mapemphero a Lamulungu, anthu n'kukadya nsima ya nkhuku kunyumba.

Timaphunzitsa mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi. Membala akatenga mkazi wachiwiri amaikidwa pa mwambo, monga tafotokozera pa funso la kudulidwa, koma mkazi woyamba, amene sanalakwe kanthu, amakhalabe pa Mgonero. A m'banja la mitala khomo la tchalitchi ndi lotsegula kwa iwo, ndipo ana awo ndi ana athu ku Sande sukulu.

Mowa mumaletsa?

Inde. Membala samwa, safulula ndipo sagulitsa mowa, kaya ndi masese, kachasu kapena wa m'botolo. Ena amatsutsa kuti Baibulo limaletsa kuledzera kokha. Amene waona feteleza wa banja akugulitsidwa pa mowa mwezi wa Disembala amamvetsa chifukwa chimene makolo athu anaikira mpanda patali. Thobwa timamwa, ndipo pa misonkhano yathu silisowa.

Mkhristu akamwalira mumachita chiyani?

Uthenga ukafika kwa mkulu wa dera, belu limalira mosiyana ndi la Lamulungu, pang'onopang'ono, ndipo aliyense amadziwa. Amayi a Chigwirizano amafika msanga ndi nkhuni, ufa ndi ndiwo, ndipo amagona pa siwa akuimba mpaka mbandakucha. Abambo amakhala panja pamoto, kuthandizana ndi adzukulu ndi kuona za bokosi. Tsiku loika, amfumu ndi a banja akatha kuyankhula, mwambo umaperekedwa m'manja mwa mpingo: nyimbo, pemphero, ulaliki, ulendo wa kumanda tikuimba, ndi mawu otsiriza pamanda. Abusa akakhala kutali, mkulu wa mpingo amatsogolera zonse.

Sitipempherera womwalirayo kuti asinthidwe malo, pakuti za iye zili kale m'manja mwa Mulungu. Ulaliki ndi wa amoyo. Amene anamwalira ali pa mwambo, kapena amene sanali wa mpingo, dongosolo lake limasiyana, ndipo akulu amafotokozera banja mwaulemu. Koma kupita timapita ndithu, kukhala nawo ofedwa, kutunga madzi ndi kupereka chipepeso, poti maliro ndi a mudzi wonse. Pakatha masiku timabwereranso kukapemphera ndi amasiye, nthawi imene anthu onse abalalika ndipo nyumba yayamba kumveka kukula.

Ndikusamukira ku Lilongwe, kapena ku Joni. Umembala wanga utha?

Sutha, koma musachoke chozemba. Uzani mkulu wa dera lanu kuti akutengereni kalata yosamukira kusiteshoni, yosainidwa ndi abusa. Kalatayo imanena kuti ndinu membala wodya Mgonero, ndipo ana anu obatizidwa amalembedwa momwemo. Mukafika mukaipereke ku CCAP imene muli nayo pafupi, kaya ndi ya Sinodi ya Nkhoma, ya Blantyre kapena ya Livingstonia. Ku Zimbabwe kuli Sinodi ya Harare, imene inakula pakati pa anthu a kuno amene anapita kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni, ndipo inalowa mu CCAP mu 1965. Ku Johannesburg nakonso kuli Amalawi a CCAP amene amasonkhana Lamulungu.

Kumene kulibe CCAP, funani mpingo wa Presbyterian kapena wa Reformed, kapena wina uliwonse umene umalalikira Khristu kuchokera m'Baibulo. Kalatayo muisunge m'pulasitiki pamodzi ndi pasipoti, chifukwa ambiri amabwera patapita zaka kudzapempha ina, yoyamba itanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe. Ndipo mutisiyire nambala ya foni, kuti mkulu wa dera lanu azikudziwitsani za kuno pa WhatsApp, makamaka amayi anu akadwala.